Mwana wa zaka zisanu apite kuti? Mawu a pa msonkhano wa makolo, alezi ndi aphunzitsi mu mzinda wa Lilongwe

Zikomo a tcheyamani. Ndiyambe ndi kupereka ulemu kwa a gulupu ndi mafumu onse muli pano, a khansala athu, a hedi pamodzi ndi aphunzitsi anu, abusa, a shehe, amayi a mother group, ndi inu makolo nonse. Alezi, ndakuonani mwakhala kumbuyoko. Chonde sunthirani kutsogolo kuno, pa mabenchi awa malo alipo. Nkhani ya lero ikukhudza inu kuposa wina aliyense, ndiye musaimvere patali.

Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ine ndaphunzitsa sitandade 1 kwa zaka zambiri ndisanayambe ntchito yoyendera sukulu za mkombaphala, ndipo aphunzitsi muli panowa mundichitira umboni pa zimene ndinene. Sabata yoyamba sukulu ikatsegulidwa mu September, mukangolowa m'kalasi, simufunika kaundula kuti mudziwe mwana amene anadutsa ku mkombaphala ndi amene wachokera kunyumba. Wina mukamufunsa dzina amayankha mokweza, n'kutchulanso dzina la bambo ake. Mukamupatsa buku amadziwa kumene kuli kumwamba, amatsegula kuchokera kutsogolo. Akafuna kukataya madzi amaimika mkono n'kupempha. Mnzake pambali pake wagwira pensulo ndi chibakera chonse, buku walizondotsa, maso ali pakhomo kudikira kuti amayi ake abwera nthawi yanji. Ikamakwana 9 koloko wadzikodzera, chifukwa palibe anamuuzapo kuti kusukulu munthu amapempha. Anzake amuseka. Mawa lake akukana kudzuka, akuti m'mimba mukupweteka.

Mwana wachiwiriyu si wopusa ayi. Nzeru ali nazo zofanana ndi mnzakeyo. Koma mphunzitsi ali yekha, ana ali pansi mbwee, kalasi zina kupitirira 100, ndipo sangathe kukhala pansi ndi mmodzi kumuphunzitsa kagwiridwe ka pensulo. Chaka chikatha mwanayo abwereza. Akabwereza kawiri amayamba kudziona wamkulu pakati pa tiana, manyazi amugwira, ndipo ambiri amene timawaona akungoyendayenda pa msika anayambira pamenepo.

Tikumbukire kumene tachokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ambiri muli pano munaphunzira chifukwa cha chimenecho. Lamulo la maphunziro la 2013 linawonjezera kuti pulayimale ndi yokakamiza. Koma khomo laulere limeneli limatseguka mwana akakwana zaka 6. Zaka za m'mbuyo mwake, zimene ubongo wa mwana umakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wake, tinazisiya m'manja mwa mwayi. Amene ali ndi ndalama amapititsa mwana ku nazale yolipira. Amene ali pafupi ndi mkombaphala yoyenda bwino, mwayi wake. Otsalawo mwana amangosewera pa fumbi, kapena ali kumsana kwa mchemwali wake amene nayenso wajomba kusukulu kuti alere.

Ndondomeko ya mmera mpoyamba, yosamalira ndi kuphunzitsa ana asanayambe pulayimale, dziko lino lili nayo, inatuluka mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2017. Mayiko onse a mu United Nations, ife tili momwemo, analonjezanso kuti pofika 2030 mwana aliyense azipeza maphunziro okonzekera asanalowe pulayimale. Mwamvanso pa wailesi boma likunena za kalasi yokonzekera ya chaka chimodzi mwana asanayambe sitandade 1. Zonsezi ndi zabwino. Koma a hedi, ndikufunseni pamaso pa anthuwa: lero atati akubweretsereni ana onse a zaka zisanu a m'dera lino, muli ndi chipinda choti muwaike?

Mwamva nokha. Akuti ngakhale a sitandade 3 ena akuphunzirira pansi pa mtengo.

Ndiye tikati tidikire mpaka boma litamanga midadada yatsopano ndi kulemba aphunzitsi a ana aang'ono pa sukulu iliyonse, ana amene ali ndi zaka zisanu lero adzakhala atakula. Pamene malo oti ana amenewa aphunzirire alipo kale m'dera mwathu muno. Kuli mkombaphala ya ku tchalitchi, kuli ya ku mzikiti, kuli ija imene amayi anayambitsa okha pa khonde, kulinso tinazale ta anthu timene timalipiritsa pang'ono. Alezi alipo, ana amawadziwa, makolo amawakhulupirira. Chimene chikusowa ndi chingwe chomanga malo amenewa ndi sukulu ya pulayimale, kuti chaka chomaliza mwana asanalowe sitandade 1 chikhale chaka chodziwika, chokhala ndi kaundula, chokhala ndi woyang'anira, ndipo mwana wosauka asabwezedwe pakhomo. Nkhani yanga ndi imeneyi.

Chingwechi chinaduka kuchokera kumwamba. Sukulu za mkombaphala zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndipo amaziyendera ndi a social welfare. Pulayimale ili pansi pa unduna wa zamaphunziro, amaiyendera ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale. Maofesi awiri, mabuku awiri, misonkhano iwiri, koma mwana ndi mmodzi yemweyo. Zikafika kuno kwathu zimaoneka chonchi: mlezi wakhala ndi mwana zaka zitatu, akudziwa kuti khutu lakumanzere silimva bwino, akudziwa kuti amakhala ndi agogo ake, akudziwa kuti akakhala chete ndiye kuti sanadye. September ikafika, zonsezo zimatsala m'mutu mwa mlezi. Mphunzitsi wa sitandade 1 amayambira pa ziro, ndipo mwana wosamva bwino uja amuika kumbuyo n'kumamuti ndi wamwano. Mlezi ndi mphunzitsi amakumana pa mjigo, amakumana pa maliro, koma sanakhalepo pansi kukambirana za ana awo. Ku South Africa anaona vuto lomweli, ndipo mu April 2022 anasamutsa nkhani za mmera mpoyamba kuchoka ku unduna wa chisamaliro cha anthu kupita ku wa maphunziro. Zosamutsa maunduna si za ife pano. Koma kuti mlezi ndi mphunzitsi akhale pa tebulo limodzi, chimenecho sichifuna nyumba ya malamulo.

Nanga mgwirizanowo ungayende bwanji? Sukulu ikhale ngati kholo la malo onse a mkombaphala amene amaitumizira ana. Choyamba ndi kaundula mmodzi. Mafumu a m'mabuloko, inu mumadziwa nyumba iliyonse, ngakhale za lendi zimene anthu amasamukasamuka. Mothandizana ndi alangizi a zaumoyo, tilembe mwana aliyense amene akwanitse zaka zisanu chaka chino, tione tsiku lobadwa m'buku la kusikelo, tidziwe kuti akupita ku mkombaphala iti, ndipo amene sakupita kulikonse timupezere malo. Kaundula ameneyu kope lina likhale kwa a hedi. Akatero a hedi adziwiratu kuti chaka chamawa akulandira ana angati, osati kudzidzimuka tsiku lotsegulira.

Kaundulayu athetsanso bodza lija timalidziwa tonse. Mayi akufuna kupita ku geni, alibe womusiyira mwana, ndiye amabwera naye wa zaka zinayi n'kunena kuti ali ndi zisanu ndi chimodzi, kungoti ndi wamfupi. Sindikumuweruza mayiyo, akufuna ana adye. Koma kamwanako kamakhala m'kalasi ya ana 100 osatolapo kanthu, kamabwereza, ndipo kamaphunzira msanga kuti sukulu ndi malo olephererapo. Mayiyu akadziwa kuti pali malo abwino, apafupi, osalipira zambiri, sanganamenso.

Kenako mphunzitsi wa sitandade 1 ndi alezi azikumana, ngakhale kamodzi pa mwezi, masana ana ataweruka. Pano ndichenjezeretu. Asamakumane ngati bwana ndi wantchito. Mphunzitsi ali ndi zimene anaphunzira ku koleji, akudziwa mmene mabuku a National Reading Programme, amene anayamba mu 2016, amayambira ndi maliwu a malembo. Angamuuze mlezi kuti, mukamaimba nyimbo ndi ana muziwamvetsa kuti mawu akuti mayi, madzi, mango onse akuyamba mofanana. Koma mlezi nayenso ali ndi zake zimene mphunzitsi alibe. Ndinaonapo mlezi wina, mayi wachikulire amene sukulu analekezera sitandade 8, atakhazika chete ana makumi anayi popanda kukweza mawu kapena kugwira kamtengo. Anangoyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, ana n'kumamutsatira, mpaka onse anakhala pansi mozungulira. M'thumba la shuga lakale anatulutsamo zitsekerero za mabotolo, zofiira, zobiriwira, zachikasu, n'kuwauza kuti aliyense asankhe zofanana aike pamodzi. Kamtsikana kena kanaika zisanu, n'kuwerenga ndi chala, n'kupeza kuti mnzake ali ndi zambiri, kanayamba kudandaula kuti amubera. Amenewo ndi masamu, makolo. Kuwerenga, kufananitsa, kudziwa chochuluka ndi chochepa. Luso limenelo mphunzitsi wa ana 100 akulifuna kwambiri.

Teremu yachitatu, ana a mkombaphala aziyendera sukulu. Mlezi awatenge pa mzere, akaone kalasi yawo, akhale pansi pang'ono, aone chimbudzi chili kuti, amve belu, apatsane moni ndi madamu amene adzawalandire. Ndipo sabata yoyamba ya sukulu mu September mlezi adzakhale nawo m'kalasimo masiku angapo. Mwana akaona nkhope yodziwika, misozi imachepa. Pamodzi ndi mwanayo pabwere kapepala kochokera kwa mlezi: dzina, womulera, zimene amatha, ndi vuto lililonse la maso, makutu, miyendo kapena khunyu. Zimenezi sizifuna ndalama. Zimafuna kuti a hedi atsegule geti.

Njira imeneyi si ife oyamba kuiganiza. Ku America, m'chigawo cha New Jersey, khothi lalikulu linalamula mu 1998 kuti ana a zaka zitatu ndi zinayi a m'madera osauka apatsidwe maphunziro a mkombaphala aulere ndiponso abwino. Sukulu za boma zinalibe zipinda zokwanira, ngati ife. Ndiye anagwirizana ndi malo olerera ana amene analipo kale m'madera, boma n'kumalipira, koma ndi malamulo ofanana kulikonse: ana asapitirire 15 m'kalasi, ndipo aphunzitsi a m'malo amenewo anapatsidwa nthawi ndi thandizo kuti akaphunzire mpaka digiri, malipiro awo n'kukwezedwa. Ku West Virginia lamulo la 2002 linati pafupifupi theka la makalasi otere, kapena kuposerapo, aziyendetsedwa mogwirizana ndi malo a m'madera. Iwowo ndi olemera, ife ana 15 m'kalasi sitingafikepo lero. Koma mfundo yake tiitenge: mwana alandire zofanana, kaya akuphunzirira pa sukulu kaya ku tchalitchi.

Palinso phunziro lowawa lochokera komweko. Mzinda wa New York unayamba maphunziro aulere a ana onse a zaka zinayi mu 2014, ndipo ana ambiri anali m'malo a m'madera. Koma aphunzitsi a m'malo amenewo ankalandira ndalama zochepa kuposa anzawo a m'sukulu za boma, ntchito ili imodzimodzi. Zotsatira zake, odziwa ntchito ankathawira ku sukulu za boma, ndipo zinatenga mpaka 2019 kuti agwirizane zoyamba kufananitsa malipiro. Ngati zinavuta kumene onse amalandira malipiro, kuli bwanji kuno kumene mphunzitsi amalandira pa mwezi pamene mlezi amangogwira mongodzipereka?

Apa ndiima pang'ono, chifukwa mgwirizano wathu udzaima kapena kugwa pa nkhani ya mlezi. Amayi awa, ndi abambo ochepa amene ali nawo, amadzuka m'mamawa kusesa, kutunga madzi, kulandira ana athu, kuwapukuta mamina, kuwatsuka akadziipitsira, mpaka dzuwa lili pamutu. Nthawi imeneyo anzawo ali ku msika akugulitsa tomato. Mwezi ukatha mwininyumba safunsa kuti munalera ana angati, amafuna lendi. Boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena ophunzitsidwa, koma ambiri sikanawafike. Ndiye mlezi waluso akapeza ganyu ku Kanengo kapena ntchito ya m'nyumba ku Area 47 amapita, ndipo simungamuletse. Maphunziro onse amene analandira amapita naye, ife n'kuyambanso ndi wina watsopano. Tikamuwonjezera ntchito, kaundula, misonkhano, mapepala, koma osamuwonjezera kalikonse m'manja, ndiye kuti tamukwera pamsana. Ine mgwirizano wotero sindingausainire.

Kumudzi anthu amasonkha chimanga ndi kulima munda wa mkombaphala. Kuno ku tawuni ambiri tilibe minda, chathu ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku. Choncho tigwirizane kandalama kochepa pa mwezi, kamene wogulitsa makala angakwanitse, ndipo gawo lake lodziwika lizipita kwa alezi lisanapite kwina kulikonse. Magulu a banki mkhonde, ganizirani zoika kathumba kapadera ka ana. Amabizinesi a m'dera lino, a zigayo, a maokala, a mashopu, thumba limodzi la soya pa teremu silingakugwetseni. A khansala, nkhani ya chimbudzi ndi denga la mkombaphala ikafike ku khonsolo ndi kwa a phungu, ilowe nawo pa mndandanda wa thumba la chitukuko la CDF monga umalowera mlatho. Ndipo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe, iwerengedwe pa msonkhano ngati uno, anthu akumva. Mikombaphala yambiri imene ndinaiona ikufa, inafa chifukwa cha mphekesera yoti komiti yadya ndalama, kaya inadyadi kaya ayi.

Koma pakhale lamulo limodzi losasintha: mwana asabwezedwe chifukwa kholo lake silinasonkhe. Amene walephera ndalama abwere adzaphike phala, adzatunge madzi, adzatole nkhuni. Mwana wamasiye alowe popanda funso. Tikayamba kubweza, ndiye kuti tangotsegula nazale ina yolipira, ndipo ana amene tinawafuna kwambiri ndi amene atsale kunja.

Za phala sindichulutsa, mukuzidziwa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Mkombaphala ikasowa phala, ana amasiya kubwera sabata yomweyo, alezi mundivomereze. Phala la mgaiwa lothira soya kapena nsinjiro, tsiku lina n'kufinyiramo masamba, limasintha mwana. Ku Zomba anayesapo kuphunzitsa makolo ulimi ndi kaphikidwe kudzera m'sukulu za mkombaphala, ndipo anapeza kuti ngakhale ang'ono awo a anawo, amene anali asanayambe kupitako, anayamba kudya bwino ndi kukula bwino kunyumba. Kumene sukulu ya pulayimale ili kale ndi pulogalamu ya phala, komiti ifunse eni pulogalamuyo mwaulemu ngati ana a zaka zisanu angaganiziridwe. Musangotapa ufa wa ana a pulayimale mwa inu nokha, mudzayambanitsa anthu.

Pamodzi ndi phala pali madzi ndi chimbudzi. Simunaiwale January wa 2023, pamene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Malo amene tikusonkhanitsa tiana makumi asanu popanda chimbudzi ndi posambira m'manja ndi oopsa. Chimbudzi chake chikhale cha bowo laling'ono, loti mwana sangagweremo kapena kuliopa. Alangizi a zaumoyo azifika pa malopo ndi sikelo, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba, popeza ana awapeza ali pamodzi.

Tsopano ndinene chimene ndimachiopa kwambiri. Sukulu ikalowerera, pamakhala chiyeso chosandutsa mkombaphala kukhala sitandade 1 yaing'ono: tiana pa mizere, bolodi kutsogolo, kukopera manotsi, mayeso, nambala wani ndi nambala yomaliza. Ndipo makolo ndife timakakamiza zimenezi. Timafuna mwana akabwera kunyumba alakatule A mpaka Z ndi masiku a sabata m'Chingerezi, alendo aombe m'manja. Mwanayo mukamuonetsa chilembo n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani, sadziwa, waloweza ngati nyimbo. Mwana wa zaka zisanu amaphunzira posewera: kuumba ng'ombe za dothi kumalimbitsa zala zimene zidzagwire pensulo, phada amaphunzitsa kuwerenga ndi kudikira nthawi yako, nthano imaphunzitsa kumvetsera ndi kufotokoza zinthu mwa ndondomeko. Ndipo aziyamba m'chilankhulo chimene amalota nacho. Mwana amene amatha kufotokoza nkhani yonse bwinobwino m'Chichewa, Chingerezi sichidzamuvuta. Nyimbo za Chingerezi aziimba, palibe choletsa, koma tisayese ubwino wa mlezi ndi zimenezo. Za magauni ndi zipewa za graduation, zimene zimadya ndalama yokwana phala la mwezi wathunthu, ndikupempha komiti iziganizirenso.

Makolo, musaganize kuti mukapereka mwana kwa mlezi ntchito yanu yatha. A World Bank pamodzi ndi boma anachita kafukufuku m'sukulu za mkombaphala 199 ku Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay. Kumene anangophunzitsa alezi okha, kaphunzitsidwe kanasintha koma pa ana sipanaoneke kusintha kwenikweni. Kumene anaphunzitsa alezi ndi makolo omwe, ana anapita patsogolo pa kulankhula ndi pa kukhala bwino ndi anzawo. Koma atawayezanso patapita zaka zitatu, ana aja ali ku pulayimale, kusiyana kuja kunali kutazilala. Ine ndimatengapo zinthu ziwiri. Kunyumba kukakhala zii, mlezi yekha sangathe. Ndipo zimene mwana wapeza ku mkombaphala zimatha kutayika ngati sitandade 1 ndi 2 sizinakonzeke kumulandira. N'chifukwa chake tikufuna sukulu ndi mkombaphala zigwirane, osati aliyense payekha. Inu abambo, kucheza ndi mwana si ntchito ya amayi okha. Mukamapita naye kogula ndiwo mufunseni kuti minibasi iyo ndi ya mtundu wanji, anyezi awa ndi angati. Sizitenga ndalama.

Ndaona dzanja uko. Inde mayi, nenani.

Mayiwa ali ndi nazale yawoyawo, akufunsa ngati sitikuwalanda ana ndi bizinesi. Funso labwino, ndipo ndikuthokoza kuti mwalifunsa poyera. Ayi mayi, sitikufuna kutseka malo a munthu. Tikufuna mulowe nawo. Ana anu a zaka zisanu alembedwe m'kaundula yemweyo, aphunzitsi anu azibwera ku misonkhano ija, ana anu aziyendera sukulu limodzi ndi anzawo. Chimene tingakupempheni ndi choti mulole a social welfare ndi komiti aziona malo anu, ndiponso ngati mungathe, mupereke malo awiri kapena atatu kwa ana amene sangalipire. Funso lanuli landikumbutsanso china. Tikanati ana onse a zaka zisanu asamukire ku pulayimale, malo ambiri ang'onoang'ono akanagwa, chifukwa ana akuluakuluwo ndi amene amabweretsa makolo ambiri osonkha ndi ophika. Akagwa, wa zaka zitatu apita kuti? Kuwasiya ana a zaka zisanu kumene ali, sukulu n'kumawafikira komweko, kumateteza ang'ono awo. Kumatetezanso miyendo yawo. Kamwana ka zaka zisanu sikoyenera kudumpha msewu wa tala wodzaza ndi njinga za kabaza, kapena kuwoloka Lingadzi nthawi ya dzinja, pamene mkombaphala ili kuseri kwa nyumba.

A shehe akufunsa za ana olumala. Alowe, a shehe, ndipo ndi amene tiyambe kuwafufuza polemba kaundula, chifukwa ambiri amabisidwa m'nyumba. Mwana wosayenda, wosamva, wachialubino, wochedwa kulankhula, akadziwika ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, a hedi amakhala ndi chaka chathunthu chokonzekera ndi kudziwitsa a PEA kuti mphunzitsi wa maphunziro apadera adzamuone. Ndipo pa chitetezo cha ana onse, lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana likugwira ntchito ku mkombaphala monga kwina kulikonse. Kukwapula ayi. Mwana asatengedwe ndi munthu amene mlezi sakumudziwa. Mlezi akaona zipsera kapena zizindikiro zoti mwana akuchitidwa zoipa, adziwe kuti akanena kwa ndani, ndipo komiti imuimire kumbuyo, asaopsezedwe.

Zonse tanenazi zilembedwe. Ndaonapo mgwirizano wabwino ukutha chifukwa a hedi amene anauyambitsa anasamutsidwa, obwerawo n'kunena kuti ine sindikuzidziwa. Ndaonanso mpingo ukutulutsa ana m'chipinda pakati pa teremu chifukwa atsogoleri asintha. Pepala limodzi lokha likwanira: malo ndi a ndani ndipo aperekedwa kwa nthawi yaitali bwanji, ana azifika nthawi yanji ndi kuweruka nthawi yanji, ndalama asunga ndani, alezi azilandira chiyani ndipo liti, sukulu ipereka chiyani, kaya choko, mapepala otsala, kapena bwalo losewerera, ndipo pakabuka mkangano tikakhala pansi kwa yani. Asaine a hedi, wapampando wa komiti ya sukulu, wapampando wa mkombaphala iliyonse, mlezi mmodzi wosankhidwa ndi anzake, ndi a gulupu. Kope lina lipite kwa a PEA, lina ku ofesi ya social welfare, kuti maofesi onse awiri adziwe kuti kuno tayamba, ndipo akamakonza maphunziro a alezi atikumbukire.

Tisanabalalike ndikupempha zinthu ziwiri zichitike lero lomwe. Alezi ndi eni nazale, mukatha pano musachoke, mulembetse kwa alembi dzina la malo anu ndi chiwerengero cha ana a zaka zisanu amene muli nawo. Mafumu a m'mabuloko, a gulupu avomera kuti kalembera wa khomo ndi khomo ayambe Lolemba, ndiye makolo mukonzeretu mabuku a kusikelo. A hedi atipatsa kalasi ya sitandade 1 Lachisanu la sabata yamawa, 2 koloko masana, kuti aphunzitsi ndi alezi akumane koyamba. Alezi, pobwera mutenge zidole ndi zoseweretsa zimene mumapanga nokha, aphunzitsi akufuna adzazione.

A tcheyamani, ndabweza kwa inu. Zikomo.